Kaduwa ka M'mbali mwa Tayala

Kanabwera pa sitima, kenako pamsana pa lole,
kagalimoto kanga koyera ngati dzira la bakha,
kokoka ndi miyendo yakutsogolo,
yam'mbuyo ikungotsatira ngati mlamu pa ulendo wa eni.
M'kabokosi munali kapulasitiki kopalira galasi.
Ntchito yake sindinaidziwe;
mpaka lero ndimapalira mamba a mphende.

Pa Nchalo a Zuze okonza matayala anagwada,
nanyowetsa chala ndi malovu, napukuta fumbi.
"Taonani apa, anamwino.
Kaphiri ka nsonga zitatu, m'kati mwake kaduwa.
Si duwatu ili, ndi chipale chofewa.
Awa anapangira dziko limene mvula imagwa ngati thonje
n'kugona pamsewu osapita kumtsinje."

Ndinaseka. Unali Okutobala,
phula likumata ku zidendene,
mbuzi zili wefuwefu pansi pa ngolo ya nzimbe.
Iwo sanaseke. Anabaya labala ndi chikhadabo,
analowa ngati m'papaya lakupsa.
"Akusungunuka awa. Khrisimasi sadzaiona."

Ndalama inakwana awiri okha.
Mnyamata wawo Alufandika anati ikani kumbuyo,
kuti mchira usamavine pa matope.
A Zuze anati kutsogolo,
khasu limanoledwa kumene limalimira.
Anakangana dzuwa mpaka kupendeka,
ine nditakhala pa rimu, ndikuyamwa malambe.
Ndinasankha kutsogolo,
poti kumeneko ndi kumene ndimaona.

Januwale anabwera ndi zake.
Pa Thabwa ndinakhotera kum'mawa kwa Shire,
katemera ali m'bokosi lozizira pampando wapambali,
nditamumanga lamba ngati mwana.
Kupitirira Livunzu msewu unasiya kukhala msewu.
Makande aja, akuda, oterera ngati therere,
amene amavula munthu nsapato n'kumusiyira manyazi.

Giya yachiwiri, anatero a Zuze.
Phazi lipepuke ngati ukuponda pogona njoka.
Buleki usamukhulupirire.
Chiwongolero usalimbane nacho, kambirana nacho.

Atsopano aja analuma dothi, ndinawamva m'manja.
Koma am'mbuyo, alendo a kuzizira,
anayamba utse wawo,
mchira uku, mchira uko,
ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana kumene ndachokera,
munda wa mapira ukudutsa pagalasi mwaulemu.
Alufandika, mwana iwe, pena unanena zoona.

Pa chitunda cha ku Nkhate kanakana.
Matayala akungolira, matope akuuluka,
fungo la labala wopsa m'kati mwa mvula.
Mayi wina wosenza mtolo wa nyika anaima,
nandiyang'ana nthawi yaitali.
"Bwanji osakwera chafutambuyo?
Apainiya a ku Masenjere amatero."
Ndinatembenuza. Kulemera konse kunatsamira pa okoka aja,
ndipo tinakwera chobwerera, khosi langa litapindika,
mayiyo akundikodola ndi dzanja limodzi,
linalo lili pa mtolo.

Ku Fatima ndinafika zala zikunjenjemera.
Ndinatsegula bokosi: ayezi anali asanasungunuke.
Ndinagwira kamodzi, kuzizira kunandiluma chikhatho,
ndipo ndinaganiza za munthu amene sindidzamuona,
wa kutsidya kwa nyanja zamchere,
amene m'mawa wina, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi,
anagwadanso pambali pa kagalimoto komweka
kudzifunsa ngati matayala ake amufikitsa.

Akale awiri aja sanatayidwe.
Limodzi likupsinja malata pa denga la a Zuze.
Linalo Alufandika analidula nsapato.
Dzulo ndinamuona akuwoloka mchenga wa Mwanza masana,
mchenga wootcha dzira,
kaduwa kaja kali pansi pa chidendene chake chakumanzere,
ndipo paliponse pamene waponda
pakutsala chipale chofewa chimodzi,
chouma, chosasungunuka,
mpaka ng'ombe zitadutsa.